Kafukufuku mmodzi asamalamulire chuma ndi moyo wa anthu

M'misonkhano ya nduna, m'nyumba za malamulo, m'mabungwe opereka thandizo ndi m'zipinda zimene akuluakulu a makampani amamangiramo mfundo, mkangano umazirala msanga wina akangonena kuti kafukufuku wasonyeza zakutizakuti. Amene anali ndi funso amalimeza poopa kuoneka mbuli, amene anali ndi chikayiko amayamba kuvomereza ndi mutu, ndipo ndondomeko yodya ndalama zankhaninkhani imadutsa popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kafukufukuyo anachitidwa pa anthu angati, anthu a kuti, ndiponso ngati pali wina amene anamubwereza n'kupeza zofanana. Ulemu woterewu ndi wopitirira muyeso, pakuti zimene zaululika kuyambira mu 2011 m'maphunziro a sayikoloje, a zachuma, a zamalonda ndi a kakhalidwe ka anthu pagulu zikuonetsa kuti nkhani yosindikizidwa m'magazini otchuka a akatswiri imangotsegula mlandu, ndipo chigamulo chimabwera pambuyo pake anthu ena akaunika umboni. Boma kapena bungwe lomanga ndondomeko zake pa kafukufuku mmodzi amene sanabwerezedwe likuchita juga ndi ndalama za eni ake.

Umboni waukulu unatuluka mu 2015 m'magazini ya Science, pamene gulu la akatswiri oposa 250, lotsogoleredwa ndi Brian Nosek wa ku University of Virginia, linalengeza zotsatira za ntchito yobwereza makafukufuku 100 a sayikoloje, amene ndi maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu. Kubwereza kafukufuku ndiko kutsatira njira zomwe oyamba aja anatsatira, pa anthu ena ndiponso ndi manja ena, kuti zioneke ngati zotsatira zomwezo zingatulukenso, monga achitira mlimi wochenjera amene, venda akamuuza kulemera kwa thumba la soya, amakaliyezanso pa sikelo ina asanalandire ndalama. Mwa makafukufuku 100 amenewo, omwe onse anasindikizidwa mu 2008 m'magazini atatu olemekezeka, 97 anali atanena kuti apeza zotsatira zotsimikizika, koma atabwerezedwa ndi 36 peresenti yokha imene inatulutsanso zotsatira zotsimikizika, ndipo mphamvu ya zimene zinapezekazo inali pafupifupi theka la imene inalengezedwa poyamba. Akatswiri a zachuma amene anayamba kunyogodola anzawo a sayikoloje sanaseke nthawi yaitali, chifukwa mu 2016 gulu la Colin Camerer linabwereza makafukufuku 18 ochokera m'magazini awiri akuluakulu a zachuma n'kupeza kuti 11 okha ndi amene anapirira, ndipo mu 2018, mwa makafukufuku 21 a kakhalidwe ka anthu osindikizidwa mu Nature ndi Science, anapirira ndi 13.

Gwero la vutoli lili mu muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito posiyanitsa chinthu chenicheni ndi chongochitika mwangozi. Potsatira mwambo umene katswiri wa ziwerengero Ronald Fisher anautchukitsa m'buku lake la mu 1925, zotsatira zimatchedwa zotsimikizika ngati mwayi woti zituluke choncho, pamene palibe chenicheni chimene chikuchitika, uli wochepera pa 5 pa 100 aliwonse. Muyeso umenewu umaoneka wokhwima, koma tanthauzo lake ndi lakuti munthu woyesa zinthu 20 zopanda pake angayembekezere kuti chimodzi mwa izo chioneka ngati chotsimikizika. Akasindikiza chimodzicho n'kutsekera zina 19 m'kabati, wowerenga amaona ngati papezeka chinthu chachikulu, pamene chimene chachitika ndi mwayi chabe. Khalidwe lotsekera zotsatira m'kabati linayezedwa mu 2014 ndi akatswiri a ku Stanford University, amene anatsatira makafukufuku 221 a kakhalidwe ka anthu n'kupeza kuti ambiri mwa amene sanapeze kanthu sanalembedwe n'komwe, pamene ambiri mwa amene anapeza zotsatira zamphamvu anasindikizidwa. Magazini amafuna zodabwitsa, mayunivesite amakweza paudindo munthu amene wasindikiza zambiri, opereka ndalama amafuna nkhani yokoma yoika mu lipoti la pachaka, ndipo pakati pa onsewa palibe amene amalipira munthu wobwera ndi uthenga wakuti chinthu chinayesedwa koma sichinagwire.

Kufooka kwa muyesowu kunaonekera mochititsa manyazi mu 2011. M'chaka chimenecho Daryl Bem wa ku Cornell University anasindikiza, m'magazini yotchuka ya Journal of Personality and Social Psychology, zotsatira za mayeso 9 a anthu oposa 1,000 zonena kuti munthu amatha kuzindikira zinthu zisanachitike, ndipo anafika pamenepo potsatira njira zimene anzake onse ankazivomereza. Akatswiri atatu a ku Britain atabwereza mayeso amodzi mwa amenewo osapeza kanthu, magaziniyo inakana nkhani yawo ponena kuti sisindikiza ntchito zongobwereza. Chaka chomwecho Joseph Simmons, Leif Nelson ndi Uri Simonsohn anaonetsa dala kuti, posankha nthawi yosiyira kusonkhanitsa manambala, zoyeza zoti zilengezedwe ndi zoti zibisidwe, n'zotheka kupeza umboni wooneka wotsimikizika wakuti kumvera nyimbo ina ya gulu la Beatles kumachepetsa zaka za munthu ndi pafupifupi chaka ndi theka. Anawerengera kuti munthu wophatikiza njira zinayi zoterezi amakweza mwayi wopeza zabodza kuchoka pa 5 kufika pa 61 peresenti. Chodetsa nkhawa n'chakuti palibe imodzi mwa njirazi imene inkaonedwa ngati chinyengo. Anali machitidwe a tsiku ndi tsiku a anthu oona mtima amene ankangofuna kuti ntchito yawo isapite pachabe.

Pamene manambala saunikidwa, wachinyengo weniweni amakhala pabwino. Diederik Stapel, mkulu wa gawo la maphunziro a kakhalidwe ka anthu pa Tilburg University ku Netherlands, anapeka manambala kwa zaka zambiri mpaka mu 2011 pamene achinyamata atatu ogwira naye ntchito anamuneneza, ndipo nkhani zake zoposa 50 zinafufutidwa m'magazini. Makomiti amene anafufuza mlanduwo sanadzudzule Stapel yekha, koma analozanso chala anzake olemba nawo, ounika ndi akonzi amene analandira manambala okongola mopitirira osafunsa kanthu. Nkhani ina ndi ya kafukufuku wa mu 2012 wonena kuti munthu akasaina pamwamba pa fomu asanailembe amanama pang'ono poyerekeza ndi wosaina pansi, mfundo imene maofesi ena a boma anaitengera chifukwa inali yosavuta ndiponso yosadya ndalama. Mu 2020 olembawo pamodzi ndi anzawo anabwereza mayesowo osapeza kanthu, ndipo anaika poyera manambala oyambirira. Chaka chotsatira Simmons, Nelson ndi Simonsohn anaonetsa kuti manambala a makasitomala a kampani ya inshuwalansi amene anali m'kafukufukuyo anali opeka, ndipo nkhaniyo inafufutidwa. Mu 2023 atatuwa anakayikiranso manambala a m'nkhani zinayi za mmodzi wa olembawo, Francesca Gino wa ku Harvard Business School, amene yunivesite ya Harvard inamuchotsera udindo wake wokhazikika mu 2025, ngakhale iye akukana mlanduwo. Kafukufuku wa za kuona mtima anakhala zaka zisanu ndi zinayi akulemekezedwa, ndipo anagwa patangopita chaka chimodzi manambala ake ataikidwa poyera.

Zolakwika za sayikoloje zingaoneke ngati za m'kalasi, koma za akatswiri a zachuma zimafika m'thumba la munthu wamba. Mu 2010 Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff anasindikiza nkhani yonena kuti, mwa mayiko 20 olemera amene anawaunika kuyambira mu 1946 mpaka 2009, pamene ngongole ya boma inapitirira 90 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pachaka, chumacho chinkasiya kukula, ndipo avereji yake inali kutsika ndi 0.1 peresenti. Nkhaniyo inatuluka m'kope lapadera la American Economic Review, limene nkhani zake siziunikidwa ndi akatswiri ena monga zimakhalira nthawi zonse, komabe nambala ya 90 inalowa m'kamwa mwa andale amphamvu, monga George Osborne ku Britain, Paul Ryan ku America ndi Olli Rehn, amene ankayang'anira zachuma mu European Commission. Onsewa ankalimbikitsa kudula ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, ndipo anali atapeza mapulofesa oti aziwatchula poikira kumbuyo maganizo awo.

Wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yobwereza kafukufuku wotchuka, ndipo atalephera kupeza manambala a Reinhart ndi Rogoff anapempha fayilo yawo ya Excel, iwo n'kumutumizira mu 2013. Pamodzi ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, anapeza kuti powerengera avereji mayiko asanu, omwe ndi Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark, anasiyidwa molakwitsa, kuti zaka zina za mayiko ena sizinawerengedwe, ndiponso kuti chaka chimodzi choipa cha New Zealand, cha 1951, chinapatsidwa mphamvu yofanana ndi zaka 19 za Britain. Atakonza zonsezi, avereji ija inachoka pa kutsika ndi 0.1 n'kufika pa kukwera ndi 2.2 peresenti, ndipo phompho la pa 90 linazimiririka. Reinhart ndi Rogoff anavomera kulakwitsa kwa mu Excel, anakana madandaulo enawo, ndipo anaumirira kuti ngongole yaikulu imayendera limodzi ndi kukula pang'onopang'ono kwa chuma, mfundo imene ili ndi umboni wake ngakhale siitchula chimene chimayambitsa chinzake, popeza chuma chofooka nachonso chimakulitsa ngongole. Palibe amene anganene kuti ngongole ilibe vuto, ndipo Zambia, imene inalephera kubweza ngongole zake zakunja mu 2020, ndi mboni. Palibenso chifukwa chonenera kuti nkhani imodziyo ndiyo inachititsa ulova wa ku Greece, umene unapitirira 27 peresenti mu 2013. Mlandu wa nkhaniyo ndi wakuti kwa zaka zitatu nambala yosaunikidwa inkatseka pakamwa anthu otsutsa, ndipo amene anaiunika pomaliza anali mwana wasukulu wochita ntchito ya m'kalasi.

Maphunziro a zamalonda ali ndi nthenda yawoyawo, yomwe ndi kusankha opambana kenaka n'kufunafuna chinsinsi cha kupambana kwawo. Buku la Tom Peters ndi Robert Waterman la mu 1982, In Search of Excellence, linatamanda makampani 43 a ku America ngati zitsanzo, koma pofika mu 1984 magazini ya Business Week inali itaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a makampaniwo anali m'mavuto. Buku la Jim Collins la mu 2001, Good to Great, linasankha makampani 11, ndipo mu 2008 imodzi mwa iwo, Circuit City, inagwa ndi ngongole, pamene ina, Fannie Mae, inachita kupulumutsidwa ndi boma. Cholakwika cha njira imeneyi, monga anafotokozera Phil Rosenzweig mu 2007, n'chakuti kampani ikamapeza phindu anthu amatcha mtsogoleri wake wolimba mtima ndi wa masomphenya, ndipo ikayamba kuluza mtsogoleri yemweyo amatchedwa wamakani ndi wosamva za anzake, choncho wofufuza amene amadalira zonena za anthu amangoyeza mbiri ya kampaniyo n'kumaganiza kuti wapeza chimene chinaikweza. Mabuku oterewa akuphunzitsidwabe m'misonkhano ya mabwana, ndipo makampani amalipira ndalama zambiri kuti amve malangizo omangidwa pa maziko amenewa.

Ngakhale kafukufuku atachitidwa mosamala, funso lakuti anachitidwa pa ndani limakhalapobe. Mu 2010 Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan a ku University of British Columbia anakumbutsa anzawo kuti 96 peresenti ya anthu oyesedwa m'magazini akuluakulu a sayikoloje ankachokera m'mayiko olemera a azungu, amene ali ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo anali ophunzira a m'mayunivesite a ku America. Kusiyanako kumaoneka bwino m'mayeso otchuka a zachuma, amene munthu mmodzi amapatsidwa ndalama kuti agawane ndi mnzake, ndipo mnzakeyo akakana gawo lake onse awiri amachoka chimanjamanja. Ophunzira a ku America nthawi zambiri amapereka pafupifupi theka ndipo amakana gawo laling'ono, pamene anthu a mtundu wa Machiguenga ku Peru, amene Henrich anawayesa, ankapereka pafupifupi kota ndipo sankakana kawirikawiri. Zimene mabuku ankazitcha chibadwa cha munthu zinali chizolowezi cha anthu a kumalo amodzi, ndipo mlangizi wobwera ku Lilongwe, Lusaka kapena Tete ndi mfundo zoyesedwa pa ana asukulu a ku Boston ayenera kusonyeza kaye kuti mfundozo zimagwira kumene wafikako.

Mbiri ya ngongole zing'onozing'ono ikusonyeza mtengo wa kuthamangira nkhani yokoma. Muhammad Yunus ndi Grameen Bank ya ku Bangladesh atalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2006, ngongolezi zinkalalikidwa ngati mankhwala a umphawi, ndipo umboni wake unali makamaka nkhani za amayi amene anatukuka, pamene amene analephera kubweza sankaonekera m'malipoti. Mu 2015 munatuluka makafukufuku asanu ndi limodzi ochitidwa ku Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco mwa njira ya maere, imene imagawa anthu kapena midzi m'magulu awiri mosakondera kuti gulu lolandira chinthu liyerekezedwe ndi losalandira. Onse pamodzi anapeza kuti ngongolezi zimathandiza ena kukuza timabizinesi tawo ndiponso kuyendetsa ndalama momasuka, koma sizitulutsa mabanja ambiri mu umphawi. Yankho limeneli linafika ndalama zambiri zitapita kale.

Chitsanzo cha kachitidwe koyenera chilipo, ndipo chinachitikira ku Zomba. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anagawa madera 176 a m'bomalo mwa maere, ndipo mu 2008 ndi 2009 atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 a m'madera ena ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pamodzi ndi makolo awo, ena pa lamulo loti azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Zotsatira zosindikizidwa mu 2011 zinasonyeza kuti ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri pasukulu, pamene ndalama zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati a ana, makamaka pakati pa atsikana amene anasiya sukulu. Ofufuza okonda kutchuka akanalekera pomwepo, koma awa anabwereranso patapita zaka zoposa ziwiri ndalamazo zitasiya, n'kupeza kuti phindu la ndalama zopanda lamulo pa mimba ndi maukwati linali litatha, ngakhale phindu lina linakhalitsa pakati pa atsikana amene anali atasiya kale sukulu n'kubwereramo chifukwa cha ndalama za lamulo. Anasindikiza zimenezi ngakhale zinkachepetsa kukoma kwa nkhani yawo yoyamba, ndipo wokonza ndondomeko ngati Mtukula Pakhomo amene anawerenga lipoti loyamba lokha akudziwa theka la zimene zinapezeka.

Pali amene amati kuulula zofooka zimenezi kumapereka zida kwa anthu okana katemera ndi okana kusintha kwa nyengo, ndiponso kuti sayansi imadzikonza yokha pakapita nthawi. Nkhawa yoyambayo ndi yomveka, koma yankho lake silingakhale kubisa, popeza chikhulupiriro chosungidwa pobisa zolakwa chimagwa chonse tsiku limene zolakwazo zaululika. Komanso mfundo zokhudza katemera ndi nyengo n'zolimba chifukwa chakuti zinayezedwa kambirimbiri ndi magulu osiyana m'mayiko osiyana, umene ndi muyeso womwewo umene ukufunidwa pano. Zoti sayansi imadzikonza yokha zimabisa anthu amene amaikonza: achinyamata atatu amene anaika ntchito yawo pachiswe poneneza bwana wawo ku Tilburg, wophunzira amene anapempha fayilo ku Amherst, ndi akatswiri atatu amene Gino anawasumira limodzi ndi Harvard pofuna chipukutamisozi cha madola 25 miliyoni. Dongosolo lodalira kulimba mtima kwa anthu owerengeka, kwinaku likupereka maudindo ndi mphoto kwa ofalitsa zodabwitsa, silingadzitamande kuti limadzikonza.

Njira zokonzera zikudziwika ndipo zina zayesedwa kale. Wofufuza ayenera kulembetsa funso lake, chiwerengero cha anthu oyesedwa ndi njira yowerengera asanaone manambala, monga zimachitikira m'kaundula wa American Economic Association wa makafukufuku a maere. Magazini ayenera kuvomereza nkhani poona kufunika kwa funso ndi kulimba kwa njira, zotsatira zisanadziwike, monga inayambira magazini ya Cortex mu 2013 motsogozedwa ndi Chris Chambers wa ku Cardiff University. Manambala onse, mayina a anthu atachotsedwa, ayenera kuikidwa pamene wina aliyense angawaunike, ndipo mayunivesite ayenera kuwerengera ntchito yobwereza pokweza aphunzitsi paudindo. M'Malawi, mmene mabungwe akunja amachitira makafukufuku ambiri, National Commission for Science and Technology ili ndi mpata wolimbikira kuti chilolezo chizipita kwa okhawo olonjeza kusiya manambala m'dziko muno ndi kubwerera kumidzi kukafotokoza zimene apeza m'chinenero cha eni mudzi, ndipo akatswiri a ku Centre for Social Research ndi National Statistical Office ku Zomba ayenera kupatsidwa ndalama zounikira ntchito za alendo, m'malo mongolembedwa ganyu yofunsa mafunso.

Udindo waukulu uli kwa amene amagwiritsa ntchito zotsatirazo. Nduna, phungu, mkulu wa kampani kapena mtolankhani akauzidwa za kafukufuku ali ndi mafunso anayi oti afunse asanavomere: anthu oyesedwa anali angati ndipo anali a kuti, ndani anabwereza ntchitoyo, manambala ake ali poti angaonedwe, ndiponso phindu lake linakhala nthawi yaitali bwanji thandizo litasiya. Mafunso amenewa safuna digiri, ndipo katswiri wodziwa ntchito yake amawayankha mosavuta. Amene akwiya nawo, kapena kuyankha potchula dzina la yunivesite yake, asapatsidwe ndalama za msonkho kufikira atabweretsa mayankho.